ZA AKULU AWIRI AMENE ANATISIYA M'CAKA CA 2021

Pa maliro a kwathu kuno pali mwambo wakuti mtembo usananyamuke kupita kumanda, mmodzi wa pabanja aimirire ndi kunena mbiri ya womwalirayo. Tonse taumva mwambo umenewu kawiri-kawiri, ndipo tidziwa kuti wonenayo amasankha mau ace. Munthu amene mudzi wonse unali kumuopa asanduka wofatsa tsiku limenelo, ndi woumira asanduka wopatsa. Anthu amvera ali cete, maso pansi. Koma pobwera kumanda nkhani zeni-zeni ziyamba m'njira. Ife sitinena kuti nkoipa kucitira ulemu akufa, iai. Koma ana athu akamamva mbiri zosalala zokha-zokha, adzayesa kuti anthu omveka anabadwa opanda cirema, ndipo sadzatolapo kanthu, pakuti munthu sangathe kutsanza mngelo. Amene analemba mbiri ya mfumu Davide sanabise za Uriya.

Tsono m'phunziro la mwezi uno tifuna kukumbukira akulu awiri a mu Afrika amene anamwalira caka cimodzi. Woyamba ndiye Kenneth Kaunda, mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia, amene anamwalira ku Lusaka pa 17 June 2021 ali ndi zaka 97. Waciwiri ndiye Bishopu Desmond Tutu wa ku South Africa, amene anamwalira ku Cape Town pa 26 December caka comweco ali ndi zaka 90. Onse awiri anali ana a aphunzitsi, onse anakulira m'masukulu a mishoni, ndipo onse anayamba nchito yao ataima patsogolo pa ana ndi coko m'manja. Tidzakhalitsa pa woyambayo, cifukwa mizu yace iri kuno kwathu.

Atate wace, David Kaunda, anali Mtonga wa kumpoto kwa dziko lathu lino, wophunzira ku Livingstonia. Masiku amenewo Dr Robert Laws ndi anzace anali kutuma anyamata ophunzira kupita kutsidya kwa Luangwa kukatsegula masukulu pakati pa Abemba. David anapita nao m'caka ca 1904, nakhazikika ku Chinsali caka cotsatira. Ulendo unali wa pansi masiku ambiri, ndi cinenero ca kumeneko cinali cacilendo kwa iye. Mzungu wa mishoni anadza pambuyo pace, m'caka ca 1913, kotero kuti mishoni ya Lubwa inamangidwa pa maziko amene munthu wakuda anayala. Akulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mkazi wace, Helen, nayenso anali wa ku Nyasaland, ndipo anali mmodzi wa akazi oyamba kuphunzitsa sukulu m'dziko lija. David anadzozedwa ubusa m'caka ca 1930, namwalira m'caka ca 1932.

Kenneth anabadwa pa Lubwa pomwepo pa 28 April 1924, mwana wotsiriza mwa ana asanu ndi atatu. Anamucha dzina lina Buchizya, ndiko kunena wosayembekezeka, pakuti anadza makolo ace atakhala kale zaka zambiri m'banja. Atate wace anamsiya ali ndi zaka 8 zokha. Pa sukulu ya Lubwa anali ndi bwenzi lace la pamtima, dzina lace Simon Kapwepwe. Sungani dzina limeneli, pakuti tidzakomana nalonso. Anakaphunzira ku Munali, mu Lusaka, nabwerera ku Lubwa kukaphunzitsa, ndipo m'caka ca 1946 anakwatira Betty Banda, amene anakhala naye zaka 66 kufikira imfa ya maiyo m'caka ca 2012.

Acinyamata a lero sadziwa bwino mmene zinthu zinaliri m'matauni a migodi pa nthawi imeneyo. Munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pakhomo pa sitolo zambiri za Azungu. Pofuna kugula nyama anali kuima kunja, pa kazenera ka m'mbali, napereka ndalama yace, nalandira cimene wogulitsa anamkulungira osaciona. Cinthu cimeneci cinamlasa mtima mphunzitsi wa ku Lubwa, kotero kuti analeka kudya nyama, ndipo ngakhale mazenera aja anatsekedwa kale-kale, iye sanabwererenso ku nyama kufikira imfa yace. Mowa ndi fodya sanali kukhudza. Anayamba kuyenda pa njinga m'midzi ya kumpoto kusonkhanitsa anthu m'dzina la African National Congress, ndipo m'caka ca 1953, caka cimene Azungu anamanga Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland anthu akuda osafuna, anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu wa cipanico pansi pa Harry Nkumbula. M'caka ca 1955 awiriwa anakhala m'ndende miyezi iwiri. Pambuyo pace anasiyana maganizo, ndipo Kaunda anayambitsa cipani cina m'caka ca 1958. Boma linaciletsa m'mwezi wa March 1959, mwezi womwewo umene Dr Banda anamangidwa kuno. Anamtaya ku Kabompo, kenaka anamtsekera m'ndende ku Lusaka ndi ku Salisbury. Atatuluka m'mwezi wa January 1960 anatenga utsogoleri wa cipani ca UNIP, ndipo pa 24 October 1964 Northern Rhodesia inasanduka Zambia, iye ali pa mpando.

Koma tisanafike pa cikondwerero ca tsiku limenelo, pali mwazi umene sitingaulumphe. M'dera lomwelo la Chinsali munali mai wina, Alice Lenshina, wa mu mpingo wa Lubwa, amene m'caka ca 1953 ananena kuti anafa nauka ndi uthenga. Anthu zikwi zambiri anamtsata, napanga mpingo wao wa Lumpa. Iwowa anakana makadi a cipani, namanga midzi yao ya malinga, ndipo udani unakula pakati pa iwo ndi anyamata a UNIP, mbali zonse ziwiri zikutentherana nyumba. M'mwezi wa July 1964, Kaunda ali nduna yaikulu, boma linatuma asilikari. Anthu oposa 700 anafa, ambiri a iwo a Lumpa, okhala ndi mikondo ndi nkhwangwa pamaso pa mfuti. Ena zikwi anathawira ku Congo. Lenshina anamwalira m'caka ca 1978 ali wosungidwa ndi boma. Munthu amene anali kulalikira za kulimbana kopanda ciwawa anayamba ulamuliro wace ndi maliro a anthu a kwao, ndipo lamulo la nthawi ya ngozi limene linaikidwa masiku amenewo silinacotsedwe kufikira iye atacoka pa mpando, patapita zaka 27.

Zabwino zimene anacita nzambiri, ndipo ziri poyera. Pa tsiku la ufulu, anthu akuda a dziko lonselo amene anatsiriza maphunziro a pa yunivesite anali ngati 100 okha. Mphunzitsi uja sanaiwale nchito yace: ndalama za mkuwa anamangira masukulu ndi zipatala m'maboma onse, ana anaphunzira kwaulere, ndipo University of Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966. Dziko la mafuko oposa 70 analigwirizanitsa, nasakaniza anchito a boma kuti Mlozi akagwire nchito kwa Abemba ndi Mngoni kwa Atonga. Ndipo pamene maiko oyandikana nao, Congo, Angola ndi Mozambique, anali kuyaka moto wa nkhondo, Zambia sinamenyane yokha-yokha. Nyimbo imene anali kuikonda pa misonkhano, Tiyende Pamodzi, iri m'Cinyanja cathu comwe cino, ndipo anali kuiyamba yekha akukupiza kansaru koyera kamene sikanali kucoka m'dzanja lace.

Cina cimene Afrika sadzaiwala ndi ici, kuti anatsegula khomo lace kwa othawa. Pamene Ian Smith analanda ulamuliro wa Rhodesia pa 11 November 1965, Zambia inali pa msampha, pakuti mkuwa wace, mafuta ace ndi malasha ace zonse zinali kudzera kumwera. Munthu wocenjera mwa dziko akadakhala cete ndi kusunga malonda ace. Kaunda analandira omenyera ufulu a ku Zimbabwe, Namibia ndi South Africa, ndipo likulu la ANC ya Oliver Tambo linakhala mu Lusaka zaka zambiri. Mtengo wace unali wowawa. Malire anatsekedwa m'caka ca 1973, ndege za Smith zinaponya mabomba pafupi ndi Lusaka m'caka ca 1978, milatho inaphwanyidwa. Pofuna njira yina yofikira ku nyanja yamcere, iye ndi Julius Nyerere anapempha thandizo ku China, ndipo njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, inatha m'caka ca 1975. Cifukwa cace Nelson Mandela atatuluka m'ndende m'mwezi wa February 1990, mwezi womwewo usanathe anafika ku Lusaka.

Nanga Simon Kapwepwe? Bwenzi la ubwana lija linakhala waciwiri kwa mtsogoleri m'caka ca 1967. Atasiyana maganizo, Kapwepwe anayambitsa cipani cace m'caka ca 1971. M'mwezi wa February 1972 cipanico cinaletsedwa, ndipo iye anatsekeredwa popanda mlandu wozengedwa. Posacedwa dziko linasanduka la cipani cimodzi, ndipo pa zisankho zinai zotsatana dzina la Kaunda linali lokha pa pepala, anthu nangobvomera kapena kukana. Iye anali kunena kuti zipani zambiri zidzagawa dziko monga mwa mafuko, ndipo mantha amenewo sanali opanda pace. Koma mfumu imene yatseka pakamwa pa onse oitsutsa imatsala ndi oiyamika okha-okha, ndipo amenewo saiuza kuti denga likudontha. Mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, boma linakongola ndi kukongolanso. M'masitolo munasowa sopo, mcere ndi mafuta ophikira. Ndipo pamene mtengo wa ufa unakwera, anthu anacita cipolowe ku migodi m'caka ca 1986 ndi mu Lusaka m'caka ca 1990, ena nafa. Dziko limene analilandira liri m'gulu la olemera a mu Afrika analisiya liri losauka ndi la ngongole zolemetsa.

Ife tiyesa kuti zinthu ziwiri zazikulu koposa zimene munthu uyu anacita sizinali za njerwa kapena za citsulo, ndipo zonse ziwiri anazicita ali wogonja. Coyamba ndi ici. M'mwezi wa December 1986 mwana wace wamwamuna, Masuzyo, anamwalira. Inu amene munali akulu pa zaka zimenezo mukumbukira mmene tinali kunenera za nthenda ija. Tinali kuti wadwala nthawi yaitali, kapena kuti ndi kaliwondewonde, kapena kuti amlodza. Ndipo m'midzi yambiri nkhalamba zosalakwa zinanenezedwa ufiti cifukwa ca imfa zimene gwero lace linali lina. Akazi amasiye analowedwa cokolo, nthenda niyenda kucokera nyumba yina kupita nyumba yina, onse ali cete cifukwa ca manyazi. Pakati pa cete ameneyo, m'caka ca 1987, mtsogoleri wa dziko anaima pamaso pa olemba nkhani nanena poyera kuti mwana wace anafa ndi Edzi. Panalibe womkakamiza. Taganizani, inu akulu a mpingo ndi mafumu a midzi, ngati mukadatha kuchula cotero za mwana wanu-wanu, pamene anthu a ulemu wocepa kuposa wanu anali kubisa. Atacoka pa mpando anapereka zaka zace zotsala ku nkhondo yolimbana ndi nthendayi ndi kusamala ana amasiye, nayezetsa mwazi wace poyera kuti ena alimbe mtima. Lero mankhwala otalikitsa moyo alipo m'zipatala zathu, koma manyazi aja sanathe, ndipo alipo abale amene amwa mankhwala ao mobisa, kuopa ife amene tikhala nao pa benchi limodzi tsiku la Sabata.

Caciwiri cinacitika m'caka ca 1991. Anthu atapfuula kuti afuna zipani zambiri, iye anabvomera, ngakhale nthawi yace inali isanathe. Pamene mbali ziwiri zinakanganira malamulo a cisankho, akulu a mipingo anaziitanira m'kacisi wamkulu wa Anglican mu Lusaka, ndipo zinamvana. Pa 31 October anthu anaponya mavoti, ndipo mwa anthu anai ali onse, atatu anasankha Frederick Chiluba, munthu amene Kaunda anamtsekerapo m'caka ca 1981. Asilikari anali m'manja mwace, apolisi anali m'manja mwace. Iye analankhula pa wailesi, nabvomera kuti wagonja, natuluka m'nyumba ya boma. Masiku amenewo atsogoleri a mu Afrika ocita cotero anali owerengeka pa zala, ndipo mbiri yace inamveka kuno kwathu, kumene ifenso tinasankha zipani zambiri m'caka ca 1993.

Zimene zinamgwera pambuyo pace zitikumbutsa mau aja akuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. M'caka ca 1996 boma latsopano linasintha malamulo kuti munthu amene makolo ace anabadwira kunja asaimenso pa cisankho, ndipo onse anadziwa amene anali kumlozera. Ulendo wa pansi uja wa David Kaunda unasanduka mlandu wa mwana wace. Pa tsiku la Khrisimasi m'caka ca 1997 anammanga, namsunga ndi malamulo a mtundu womwewo umene iye anasungira nao ena. M'caka ca 1999 bwalo lina linagamula kuti iye si nzika ya Zambia, ciweruzo cimene cinafafanizidwa caka cotsatira. Ndipo m'caka comweco ca 1999 mwana wace wina, Wezi, anaomberedwa ndi mfuti pakhomo pace. Ukalamba wace ndiwo unambwezera ulemu, pakuti anthu a zipani zonse anadza namucha tate wa dziko.

Za Desmond Tutu tinene mwacidule. Anabadwa ku Klerksdorp pa 7 October 1931; atate wace anali mphunzitsi, amace anali kugwira nchito ya m'nyumba ndi yophika. Ali mnyamata anadwala cifuwa cacikulu, nagona m'cipatala koposa caka, ndipo wansembe wina wa ku England, Trevor Huddleston, anali kudza kudzamuona kawiri-kawiri ndi mabuku. Tutu anali kusimba kufikira ukalamba wace kuti tsiku lina anaona Mzungu ameneyu akubvulira amace cipewa, cinthu cimene sanaganize kuti Mzungu angacitire mkazi wakuda wa nchito. Kanthu kakang'ono, kosagula ndi ndalama, ndipo mwana anakasunga zaka 80. Anafuna kuphunzira udokotala, koma ndalama panalibe, nakhala mphunzitsi. Boma la tsankho litaika lamulo la 1953 lakuti ana akuda aphunzitsidwe zocepa zoyenera anchito, iye anakana kukhala dzanja la lamulolo, nasiya sukulu, nalowa unsembe m'caka ca 1961.

Pa zaka zimene atsogoleri ena anali m'ndende ndi ena ku Lusaka, mau a anthu akuda a South Africa anali kumveka pakamwa pa munthu wamfupi ameneyu, wokonda kuseka. Anapempha maiko kuti aleke malonda ndi boma la tsankho; boma linamlanda pasipoti; dziko lapansi linampatsa mphotho ya mtendere ya Nobel m'caka ca 1984; ndipo m'caka ca 1986 anakhala munthu wakuda woyamba kukhala Bishopu wamkulu wa Cape Town. Koma kulimba mtima kwace kunaoneka koposa pamene anadzudzula a mbali yace. M'mwezi wa July 1985, pa maliro ku Duduza, khamu linagwira munthu amene linamyesa kazitape wa apolisi, lifuna kumtentha. Tutu analowa pakati pa khamulo ali cibvalire zobvala zace za unsembe, ndipo iye ndi bishopu mnzace anamlanditsa munthuyo. Kudzudzula mdani nkosabvuta, pakuti abale ako akuombera m'manja.

Ufulu utabwera, Mandela anamuika kutsogolera bungwe la coonadi ndi ciyanjano, limene linayamba kumva anthu m'mwezi wa April 1996. Kacitidwe kace kanali kotere: wozunzidwa anali kudza nanena poyera zimene anamcitira, ndipo wozunza, ngati afuna kukhululukidwa ndi boma, anayenera kuulula zonse, osasiyako. Anthu oposa 21,000 anapereka umboni. Oposa 7,000 anapempha cikhululukiro, ndipo amene anacilandira sanafike 1,000. Pa masiku oyamba, pakumva umboni wa nkhalamba yina yopunduka imene inazunzidwa ndi apolisi, Tutu anaika mutu pa gome nalira. Ife amene timakhala pa milandu ya mumpingo ndi ya pabwalo la mfumu tiyenera kulingalira za dongosolo limeneli, pakuti kawiri-kawiri timafulumiza wolakwiridwa kuti agwirane canza ndi mnzace, wolakwayo asananene cimene anacita. Komabe nchitoyo sinakhutitse onse. Banja la Steve Biko linakana kuti opha mbale wao akhululukidwe, nilipita ku bwalo. Cipepeso cimene boma linapereka kwa ozunzidwa cinacedwa kufikira 2003, ndipo cinali cocepa. Ambiri amene anakanidwa cikhululukiro sanazengedwe mlandu konse. Pamene cipani colamula ca ANC cinayesa kuletsa lipoti la bungwelo m'caka ca 1998, cifukwa linachulanso zolakwa zace, Tutu sanasinthe mau, ndipo anakhala wodzudzula boma la abale ace kufikira mphamvu zitamthera.

Kaunda anamwalira ndi cibayo m'cipatala ca asilikari ca Maina Soko. Boma linayendetsa mtembo wace m'zigawo zonse za dziko kuti anthu atsazike, ndipo anaikidwa pa 7 July 2021 ku Embassy Park, kumene agona atsogoleri a Zambia. Ena a banja lace anapita ku bwalo, nanena kuti iye anafuna kugona pafupi ndi mkazi wace Betty, koma bwalo silinawabvomere. Tutu anakonzeratu za maliro ace iye mwini, nalamula kuti pasaonongeke cuma. Pa 1 January 2022, m'kacisi wa St George ku Cape Town, mtembo wace unagona m'bokosi la matabwa a paini osapaka utoto, lotsika mtengo koposa onse amene anapezeka, zogwirira zace ziri za cingwe; ndipo phulusa lace linaikidwa pansi m'kacisi momwemo, patsogolo pa guwa.